POPUMIRA PA MAKUTI SI MALO ACABE

Munthu wocoka ku Harare kunka ku Lusaka ayenda makilomita ngati 200 kuti afike ku Karoi. Kufikira pamenepo ulendo uli wokoma, pakuti mbali zonse kuli minda ya fodya ndi cimanga, ndipo masitolo ali pafupi. Koma akapitirira Karoi midzi iyamba kucepa, ndipo atayendanso makilomita oposa 80 afika pa Makuti, kamalo kakang'ono pamwamba pa mapiri, pamene mseu wa ku Kariba upatukana ndi wa ku Chirundu.

Kutsogolo kwace mseu utsika mokhota-khota kulowa m'cigwa ca Zambezi, dziko louma la milambe ndi mitsanya. Mwezi wa October dzuwa la kumeneko liotca ngati ng'anjo, mitsinje ikhala mcenga wokha-wokha, ndipo njobvu ziyenda pa mseu monga eni ace. Amene galimoto lace liwonongeka m'cigwa muno adziwa mtengo wace wa botolo limodzi la madzi.

Ife tinena kuti malo onga Makuti ndiwo asunga moyo wa apaulendo, ndipo nkulakwa kuwapeputsa. Cikhalire mlatho wa Otto Beit pa Chirundu, umene unatsegulidwa m'caka ca 1939, mseu uwu wakhala njira yaikuru ya kumpoto. Mlatho waciwiri unatsegulidwa mu 2002, ndipo malole onyamula mkuwa, mafuta ndi feteleza ayenda usana ndi usiku. Dalaivala amene wacezera usiku wonse pa ciongolero sayenera kuyamba mtsetse wa Zambezi asanapume, asanaonenso mabuleki ace.

Tikumbukire makolo athu a ku Nyasaland amene anadza kudzagwira nchito m'mapulazi ndi m'migodi ya dziko lino. Poyamba anali kuyenda pansi masabata ambiri, ndipo ena anatsala m'njira cifukwa ca ludzu, matenda ndi zirombo. M'zaka za m'ma 1930 Boma la Southern Rhodesia linakhazikitsa malole a Ulere, pamodzi ndi misasa ya m'njira kumene munthu analandira cakudya ndi pogona. Sitinena kuti linacita ici mwa cifundo. Linafuna manja awo. Koma ngati olemba nchito a masiku aja anazindikira kuti wapaulendo asowa madzi ndi mpumulo, kodi ife lero tilephera bwanji kuzindikira?

Cifukwa cace tipempha zinthu zitatu. Coyamba, akuru oyang'anira miseu, amene alandira msonkho kwa galimoto lopita pamenepa, asamale kuti popumira pali ponse pakhale mpope wa madzi abwino, zimbudzi zaukhondo, mthunzi, ndi bwalo lounikira kumene malole angaime kunja kwa mseu. Caciwiri, eni mabasi apatse madalaivala ao nthawi yokwanira ya kupuma, asawalipire monga mwa liwiro. Cacitatu cikhudza ife okwera. Kawiri-kawiri ndife amene tipfuulira dalaivala kuti afulumire, poopa mzere wa pa cipata ca Chirundu. Akuru anati kuthamanga si kufika. Theka la ora pa Makuti liposa ulendo wosafika konse.

Mau otsiriza ndi awa. Cisinthire mapulazi eni m'caka ca 2000, anchito ambiri a ku Karoi anataya nchito ndi nyumba zomwe, ndipo ambiri a iwo ndiwo ana ndi adzukulu a macona. Mukaima pa mseu uwu, mai wina nadza ndi dengu la nthoci kapena mazira owiritsa, mlonjereni ndi ulemu, ndipo musamtsitse mtengo kufikira kumlanda. Kapena adzakuyankhani m'Cinyanja, nakuchulirani mudzi wa agogo ace ku Dedza kapena ku Ntcheu.