ZA PAKHOMO PATHU: Pepala la Pakhoma, Yambani Mwafunsa Khomalo

 Sabata ino tisiye kaye za kumunda tilowe m'nyumba, pakuti kukolola kwatha, ena kandalama kali m'manja, ndipo amayi ayamba kuyang'ana makoma ndi diso lija timalidziwa tonse.

Nkhani yathu ndi ya pepala lamaluwa lomata pakhoma, limene m'maloja amati papel de parede. Kale tinkangolimva kwa obwera kuchokera ku Joni, koma masiku ano likupezeka mumzinda wa Tete ndi m'mizinda ya ku Malawi. Fashoni yake ndi yakuti simumata nyumba yonse ayi, mumasankha khoma limodzi la pa sala, limene mlendo amayamba kuliona akangolowa, ndipo makoma atatu otsalawo mumangowapaka penti kapena njereza. Ine ndikuvomereza kuti nzokongola, ndiponso nzotchipa kusiyana ndi kumata chipinda chonse. Koma ndisanakuuzeni kamatidwe kake, imvani mmene ine mwini ndidatayira ndalama.

Chaka chatha amayi akunyumba adapita ku ukwati ku Tete. Atabwerako sadanene za mpunga kapena za kwaya, nkhani idali khoma la m'nyumba imene adagonamo. Titagulitsa kachewere ndidagonja, ndipo tidagula mipukutu itatu ya pepala lobiriwira la masamba, ndalama yake yokwana matumba awiri a mbatata. Tidamata mu Okutobala pa khoma lalikulu la pa sala, limene kuseri kwake ndi panja. Guluu atatithera pakati, ndidati palibe kanthu, tiphike phala la ufa wa chinangwa monga tinkachitira kale. Anthu adabwera kudzaona, ena mpaka kujambulitsa pamenepo. Koma pofika Febuluwale pepala lidayamba kutukuka m'munsi, m'nyumba mudayamba kununkha ngati m'nkhokwe yovunda, ndipo mdzukulu wathu amene amagona pa sala adayamba kutsokomola usiku. Tsiku limene ndidakoka ngodya imodzi, kuseri kudali chuku chakuda bii, ndi mphemvu zothawira uku ndi uku. Akulu adanena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pepala lidalibe mlandu, wogulitsa adalibenso mlandu. Wolakwa ndidali ine amene ndidamata osayamba ndafunsa khoma ngati lili louma.

Kunena zoona, kumata mapepala pakhoma si chinthu chachilendo kwa ife. Amene tidabwerera kuchokera ku Malawi mu 1993 ndi 1994, pambuyo pa pangano la mtendere limene lidasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, tikukumbukira mmene tinkakongoletsera tinyumba tathu tatsopano ndi nyuzipepala zakale, makalendala ndi zithunzi za m'magazini. Ana ambiri adaphunzira kuwerenga ali chigonere, maso ali pakhoma. Koma mapepala amenewo adali aulere, akang'ambika tinkangomata ena. La lero ndi logula, choncho liyenera kuganiziridwa.

Nakonso ku Ulaya kumene fashoniyi idakulira, pepalali lidayamba ngati katundu wa olemera. Ku England boma lidaika msonkho pa pepala la pakhoma mu 1712, ndipo msonkhowo udachotsedwa mu 1836. Patangopita zaka zochepa makina osindikiza adayamba kulitulutsa lambiri, mpaka anthu wamba adatha kuligula. Komatu nawonso adalipira sukulu. Mu 1775 katswiri wina wa ku Sweden, Carl Wilhelm Scheele, adapanga utoto wobiriwira wokongola kwambiri umene udali ndi poizoni wotchedwa arsenic. Utotowo udalowa m'mapepala a pakhoma, ndipo m'zaka za m'ma 1800 anthu, makamaka ana, ankadwala m'zipinda zomatidwa mapepala otere. Opanga adausiya utotowo kalekale, musaope. Ndanena izi kuti tidziwe kuti chimene tamata pakhoma timagona nacho ndipo timapuma nacho.

Tsono funso loyamba ndi ili: khoma lanu ndi lotani? Pepala limafuna khoma la njerwa zootcha kapena mabuloko, lopakidwa pulasitala wa simenti, losalala ndi louma. Ngati nyumba yanu ndi ya zidina kapena yomata ndi dothi, ndikukupemphani, sungani ndalama yanu. Dothi limafumbutuka ndipo guluu sagwira. Choopsa china nchakuti chiswe chimadya pepala, ndipo chikamakwera kuseri kwake simuona njira zake mpaka chitafika ku mitengo ya denga. Ngati pulasitala ndi watsopano, mudikire mwezi wathunthu kapena kuposerapo kuti aume, chifukwa simenti imasunga madzi m'kati ngakhale pamwamba pakuoneka poyera.

Chachiwiri, sankhani khoma loyenera. Khoma labwino ndi la m'kati, lolekanitsa sala ndi chipinda chogona, chifukwa mvula silipeza. Khoma limene kuseri kwake ndi panja, makamaka mbali imene mvula imawomba, limamwa madzi kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo kuno kumapiri nkhungu ya mu Juni ndi Julayi imawonjezera chinyontho. Apa ndi pamene ine ndidagwera. Pewaninso khoma loyandikana ndi bafa kapena kumene mumaphikira, ndi khoma limene dzuwa la pawindo limaliwomba tsiku lonse, pakuti maluwa amafwifwa msanga. Yang'ananinso kumwamba. Ngati lata likudontha pamwamba pa khomalo, ndalama ya pepala ipite kaye kwa wokhoma denga.

Pali njira ziwiri zofunsira khoma zimene sizilira ndalama. Yoyamba, tengani kapulasitiki koonekera, kakulidwe ngati tsamba la kope, mukamate pakhoma cha m'munsi ndi tepi mbali zonse zinayi, mukasiye masiku awiri. Mukapeza timadontho ta madzi kuseri kwake kapena khoma litada pamenepo, dziwani kuti khomalo ndi lonyowa, musamate. Kuyesa kumeneku kumanena zoona kwambiri nthawi ya mvula, choncho wanzeru amayesa mu Febuluwale nkudzamata mu Ogasiti kapena Seputembala. Yachiwiri, sisitani khoma ndi chikhatho. Dzanja likayera, ndiye kuti pali njereza, ndipo pepala lomatidwa pa njereza limagwira ufa wokhawo, tsiku lina lidzagwa nawo pamodzi. Njerezayo muipale ndi kuitsuka, mutseke ming'alu ndi maenje a misomali, khoma liume, kenaka mulipake guluu wosungunula ndi madzi ambiri kuti lisadzamwe guluu weniweni pomata.

Tsopano tiwerengere, kuti mungagule zochepa kapena zochuluka. Mpukutu wa pepala lomata ndi guluu kawirikawiri umakhala masentimita 53 m'lifupi ndi mamita 10 m'litali. Tiyerekeze kuti khoma lanu ndi mamita 4 m'lifupi ndi mamita 2.5 kutalika kwake. Mzere uliwonse muudule ndi masentimita 10 owonjezera, oti mudzachepetse kumwamba ndi kumunsi, ndiye kuti mamita 2.6. Mpukutu umodzi ukupatsani mizere itatu yathunthu. Kuti mukwanitse mamita 4 mufunika mizere 8, choncho mipukutu itatu yakwana. Mukadati mumate makoma onse anayi a chipinda chotere, mukadafuna mipukutu 10 kapena 11. Mwaona kusiyana kwake? Ndi chifukwa chake ndikuti khoma limodzi ndi lokwana. Pali mtundu wina wapulasitiki wobwera ndi guluu wake kuseri, umene nthawi zambiri umakhala masentimita 45 m'lifupi, choncho werengani pa chikutiro musanawerengere. Ngati maluwa ake ndi akuluakulu, onjezani mpukutu umodzi, chifukwa polumikiza duwa ndi duwa linzake pepala lambiri limatayika. Ndipo gulani yonse tsiku limodzi, muonetsetse kuti nambala ya gulu yolembedwa pa chikutiro ndi imodzi pa mipukutu yonse. Mukadzabwerera mwezi wamawa mungapeze maluwa omwewo koma mtundu wosiyana pang'ono, ndipo pakhoma zimaonekeratu.

Pa za guluu musatsanzire ine. Phala la chinangwa kapena la ufa wa tirigu limagwira ndithu, koma ndi chakudya, ndipo mukalipaka pakhoma mwaitana mphemvu ndi chuku kudzadya. Gulani guluu wake wa pepala la pakhoma, amene amabwera ngati ufa wosungunula ndi madzi, ndipo gulani wokwanira. Funsani wogulitsa ngati pepala lanu ndi lopaka guluu kuseri kwake kapena lopaka guluu pakhoma, pakuti mitundu yonse iwiri ilipo. Lopaka kuseri limafuna kulipinda ndi kulisiya mphindi zingapo kuti lifewe lisanakwere pakhoma.

Pomata musakhulupirire ngodya ya nyumba, chifukwa makoma athu ambiri si owongoka monga timaganizira. Mangani kamwala ku chingwe, mukhome msomali kumwamba, chingwecho chikaima mulembe mzere ndi pensulo. Mzere woyamba wa pepala utsate pamenepo, ndipo enawo adzatsata woyambayo. Ntchitoyi ndi ya anthu awiri, wina pa mpando kumwamba, wina kugwirira m'munsi. Yambani kumwamba, muzisisita ndi kansalu koyera kuchokera pakati kupita m'mbali kuti mpweya utuluke. Mizere ikumane mlomo ndi mlomo, isakwerane. Guluu wotuluka m'mbali mumupukute pomwepo ndi nsalu yonyowa pang'ono. Pakatsala kotupa, kabooleni ndi singano nkusisita. Zotsala kumwamba ndi kumunsi muzidule ndi lezala lakuthwa. Musathamange, kuona maso a nkhono nkudekha. Zidutswa zotsala muzisunge, zidzakuthandizani tsiku limene mwana adzayesere ballpen pakhoma.

Mukatha kumata, pali zinthu zitatu zoti muzikumbukira. Choyamba ndi moto. Pepala ndi pepala basi, ndipo lapulasitiki likapsa limasungunuka ndi kutulutsa utsi woipa. Koloboyi, kandulo ndi mbaula ya m'nyengo yozizira zikhale kutali ndi khoma limeneli. Chachiwiri ndi nsikidzi. Zimakonda kubisala m'mphepete mwa pepala lotukuka, choncho mukaona ngodya yayamba kunyamuka, imateni tsiku lomwelo. Chachitatu ndi cha inu amene kwanu kumafika opopera mankhwala a udzudzu m'nyumba. Mankhwalawo amagwira ntchito ali pamwamba pa khoma pamene udzudzu umatera, ndiye mukamata pepala iwo atangopopera, mwakwirira chitetezo cha ana anu ku malungo. Matani asanabwere, ndipo akafika muwaonetse khomalo akuuzeni chochita. Inunso a lendi pa vila, pemphani kaye kwa mwini nyumba, chifukwa pepala pochoka limatha kutenga penti, ndipo pamenepo pamabuka mlandu.

Nanga ife a nyumba zadothi titani, tingokhala osakongoletsa? Iyayi. Nzeru ya khoma limodzi si ya pepala lokha. Tengani nsalu ziwiri kapena zitatu za kapulana za maluwa amodzi, muzisoke pamodzi, mupise nsungwi kumwamba ndi kumunsi, nkupachika pa misomali iwiri. Mkeka woluka bwino umachitanso chimodzimodzi. Ubwino wake ngwakuti mumatha kuchotsa, kuchapa, kuyang'ana chiswe kuseri, nkubwezeranso. Ndiponso tisaiwale luso la amayi athu amene ankazira ndi dothi lakuda m'munsi mwa khoma, nkulemba mizere ndi dothi lofiira ndi loyera pamwamba pake. Limenelo silifuna metical kapena kwacha, limafuna manja ndi kudziwa dambo lokumbako dothi.

Kwathu tidakanganula pepala lonse lija, tidatsuka khoma, ndipo tidapeza kuti madzi ankachokera pansi chifukwa kunja kudalibe ngalande, mvula ya padenga inkangodikha m'mphepete mwa nyumba. Ndakumba ngalande, ndakweza khonde, ndipo chifuwa cha mdzukulu chidaleka. Amayi akunyumba sadataye mtima. Kapulasitiki kawo adakamata pa khoma la m'kati nthawi ya dzinja, kadatuluka kouma, ndipo akuti chaka chino tiyesanso. Ine ndavomera, koma guluu ndikagula ndekha.

Amene mudamatapo kale, tilembereni mutiuze mmene lakhalira pepala lanu itadutsa mvula. Kalata mutha kupatsira aliyense wobwera kuno. Tsalani bwino abale anga, tionana sabata yamawa.