Kumene kulibe mlonda, mlonda ndi ife

Nyengo ya misonkhano ya misasa ikamayandikira, ife a zaumoyo tulo timaliona pang'ono. Anzathu amakhala akuganiza za makwaya ndi alaliki, ife maganizo amakhala pa madzi, zimbudzi ndi moto. Mwezi uno tiyambire nkhani yathu kutali, m'mapiri a Colorado ku America, chifukwa kumeneko kuli kagonedwe kena ka kutchire komwe kangatiphunzitse kanthu.

M'nkhalango zambiri za boma m'dzikolo, zomwe amayang'anira a U.S. Forest Service, munthu amaloledwa kulowa ndi galimoto mumsewu wafumbi wokwera phiri n'kukakhoma tenti osalipira kalikonse, bola akhale pamalo omwe mapu a nkhalangoyo akuloleza. Eni ake amati dispersed camping. Kumeneko kulibe geti, kulibe mpopi, kulibe chimbudzi, ndipo malo ambiri foni sigwira. M'nkhalango zambiri malire ake ndi masiku 14, akakwana uyenera kusamuka.

Ena mwa malo otere ali m'mapiri ozungulira Grand Lake, nyanja yachilengedwe yaikulu kuposa zonse ku Colorado. Nyanjayi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,550, kutanthauza kuti ili m'mwamba kuposa nsonga ya phiri la Zomba. Kwa ife a Adventist malowa si achilendo. Mu 1873 Mbusa James White, atafooka ndi ntchito komanso matenda a sitiroko omwe anayamba kuwagwira mu 1865, anapita kukapuma m'mapiri a Colorado pamodzi ndi Mayi White ndi mwana wawo Willie. Chakumapeto kwa September anakamanga msasa m'mbali mwa nyanjayi. Anapezadi mpweya wabwino ndi bata, koma zolemba za Mayi White za masiku amenewo zimaonetsanso kuti chakudya chinawachepera, ndipo katundu yemwe ankayembekezera anachedwa kufika. Kupuma kutchire n'kwabwino, Ambuye mwini anaitana ophunzira ake kuti akapume kwaokha pa Marko 6:31, koma ngakhale anthu opemphera njala imawapeza ngati kamba wachepa.

Chomwe chatikopa pa misasa yaulereyi ndi ichi: popeza palibe wokulondera, udindo wonse umagwera iwe wogonapo. Malangizo omwe amapatsidwa ndi ochepa, koma onse ndi a moyo.

Oyamba ndi a madzi. Madzi a m'phiri amaoneka oyera mbee, ozizira bwino, koma angathe kukhala ndi kachilombo ka Giardia komwe kamatsegula m'mimba kwa masabata. Choncho amawawiritsa. Madzi abwate kwa mphindi imodzi yathunthu, ndipo pamalo okwera kuposa mamita 2,000 abwate mphindi zitatu, chifukwa m'mwamba madzi amayamba kubwata asanatenthe mofanana ndi kuchigwa. Atsogoleri a Pathfinder omwe mumakwera ndi ana pa Mulanje kapena pa Nyika, sungani mphindi zitatuzo.

Achiwiri ndi a kudzithandiza. Munthu amayenera kutalikira mamita 60 kuchokera panyanja kapena pamtsinje, kukumba kadzenje kakuya masentimita 15 mpaka 20, ndipo akatha akwirire. Zinyalala zonse amabwerera nazo kwawo. Titamva zimenezi tinamwetulira, chifukwa lamuloli ndi lakale kwambiri. Tsegulani Deuteronomo 23:12-14 muone momwe Aisraele anauzidwira kukhala ndi malo kunja kwa msasa, kuyenda ndi chokumbira, ndi kufotsera.

Achitatu ndi a moto. Nyengo youma boma limaletseratu kusonkha moto, ndipo ukaloledwa suuchokera mpaka phulusa litazizira loti n'kuligwira ndi dzanja. Anthu a ku Grand Lake akudziwa chifukwa chake. Mu October 2020 moto wolusa wotchedwa East Troublesome unatentha mahekitala oposa 78,000, unawononga nyumba zoposa 300, ndipo anthu awiri anamwalira. Ofufuza anapeza kuti unayambitsidwa ndi munthu. Palinso chenjezo lina lomwe likutikhudza kwambiri ife a mbaula: osalowetsa makala oyaka mutenti, ngakhale kuzizire bwanji. Makala amatulutsa mpweya wakupha womwe suoneka ndiponso sununkha, ndipo munthu amangogona osadzukanso.

Tsopano tibwere kwathu. Kuno sitingangolowa m'nkhalango yotetezedwa n'kukhoma tenti, timayamba tapempha kwa a zankhalango. Koma kunena za misasa, ife sitiphunzitsidwa ndi munthu. Chaka ndi chaka timasonkhana mazanamazana pabwalo limodzi kwa sabata yathunthu, ana, agogo ndi amayi oyembekezera, tonse kumwa pamjigo umodzi. Ku Colorado banja limodzi likalakwitsa, limadwala lokha kapena kudetsa kamtsinje kamodzi. Ife tikalakwitsa, matenda timawanyamula kupita nawo m'midzi khumi.

Tivomere kulakwa kwathu. Chaka china ife a zaumoyo tinafika pamsasa tsiku lotsegulira lomwelo, titanyamula mapepala a phunziro la zakudya zabwino. Tinapeza zimbudzi ziwiri zokha, zopanda zivundikiro, popandanso posambira m'manja. Aliyense ankaganiza kuti mnzake wakonza. Pofika Lachitatu tchire la kuseri kwa misasa ya amayi linali losapondeka, ndipo ana angapo anali atayamba kutsegula m'mimba. Palibe anataya moyo, tikuyamika Mulungu, koma phunziro lathu la zakudya tinaliphunzitsa nkhope zili pansi. Kolera yemwe anabuka mu March 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno anatikumbutsa kuti chisomo cha chaka chija sichinali chilolezo chobwereza.

Ndiye chaka chino tikupempha izi ku makomiti onse. Zimbudzi zikumbidwe msonkhano usanayambe, zikhale mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime kapena pamjigo, ndiponso kumunsi kwake. Chilichonse chikhale ndi chivundikiro, pakhomo pake pakhale mpondagiya ndi sopo. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini, asungidwe m'ndowa yovundikira, ndipo kapu yotungira isakhale yomwera. Dzenje la zinyalala likhale kutali ndi kophikira. Madzulo aliwonse pakhale madikoni awiri oyendera misasa kuona kuti moto wazima ndipo palibe mbaula yalowa mkati. Wina akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, apatsidwe Thanzi ORS ndipo apite naye kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti pemphero la m'mawa lithe.

Inu amayi ndi abambo, musasiyire komiti zonse. Banja lililonse linyamule sopo, ndowa yovundikira, khasu, tochi, zofunda zokwanira ndi ufa wopitirira masiku omwe mwawerengera. Amene ali pa mankhwala a shuga, a BP kapena ma ARV atenge okwanira sabata yonse. Tsiku lotsekera, bwalo tilisiye loti mwini munda asadandaule kuti anabwereketsa.

Ndime ija ya Deuteronomo imapereka chifukwa chake cha lamulo la chokumbira, ndipo chifukwacho ndi chakuti Mulungu amayendayenda pakati pa msasa wa anthu ake. Sayenda pa guwa pokha. Amadutsanso kophikira, kumjigo ndi kuseri kwa misasa. Nkhaniyi itengereni ku bodi ya mpingo ya mwezi uno, ndipo musatuluke musanalembe mayina a omwe adzakumbe zimbudzi ndi tsiku lomwe adzakumbe.