Gemu ya Riddick si bonanza, makolo tiziyamba taona

Lolemba lapitali basi ya ku Chawama inaima nthawi yaitali pa Kafue Roundabout, monga mwa masiku onse. Kumbuyo kwanga amayi ena anali kudandaula pa foni mokweza, moti basi yonse inamva. Mwana wawo wa giledi 8 anatenga K50 ya ndiwo n'kukaithela "ku magemu". Atadula foni, abambo ena ovala jekete anati boma litseke tumashopu tonse twa magemu m'makomboni, cifukwa ndi tumene tukuononga ana. Ngakhale kondakita, amene nthawi zambili nkhani yake ni chenji cabe, anagwedeza mutu kuvomeleza.

Ine ndinangokhala cete pa kampando kopinda ka pakhomo. Maso anali ofiila, cifukwa usiku wake ndinagona 01:00 ndikusewela gemu. Zimene ndinalephela kukamba mu basi ija ndizikamba pano.

Gemu imene yandigwila mwezi uno ni yakale, The Chronicles of Riddick: Escape from Butcher Bay. Inatuluka mu 2004, ndipo anaipanga ndi a Starbreeze Studios a ku Sweden pamodzi ndi kampani ya Vin Diesel, mkulu wa dazi uja mumamuona mu Fast & Furious. Iye ndiye Riddick, nkhope ndi mawu omwe. Munthuyu anayamba kuonekela mu filimu ya mu 2000 yochedwa Pitch Black, mmene combo ca mumlengalenga cigwela pa dziko la dzuwa litatu. Kumeneko mdima umabwela kamodzi pa zaka 22, ndipo ukabwela kumatuluka zilombo zodya anthu. Riddick yekha ndiye amaona mumdima. Gemu ikamba zimene zinacitika filimuyo isanayambe: mmene anagwidwila, n'kuponyedwa mu jele ya Butcher Bay imene ati palibe anathawamo, ndi mmene anapezela maso aja.

Popeza ni yakale, imayenda bwino ngakhale pa laputopu yanga ya salaula imene batile yake imatha msanga kuposa kandulo.

Tsiku loyamba ndinalowa ndi mtima wa mafilimu. Ndinagwetsa mlonda, n'kuthamangila mfuti yake. Inandigwila shoko. Mfuti za alonda m'jelemo anazimanga kuti zizidziwa DNA ya mwini wake, ndiye mkaidi akaigwila cabe, imamumenya ndi magetsi. Kwa maola angapo oyamba uli ndi zibakela, kampeni kosula m'jele, ndi nzelu zako basi. Uyenela kukamba ndi akaidi anzako, kuwagwilila tunchito, kudziwa amene alamulila mbali iti, n'kusunga tundalama.

Cida ceniceni m'gemuyi ni mdima. Ukanyonyomala pa mthunzi, sikilini imasanduka yabuluu pang'ono kukudziwitsa kuti alonda sakukuona. Umayembekeza mlonda apite, umawelenga masitepe ake, umaona kuti akafika pa kona amatembenuka. Ukapeza mfuti, cipolopolo cabwino ni cimene uphwanyila babu, osati cimene uombela munthu. Ukagwetsa mlonda, uyenela kumukokela pobisika, apo ayi anzake amuona n'kuyamba kukusaka. Ndipo maso oona mumdima aja ali ndi vuto lake: ukalowa nawo powala, sikilini imayela mbee, suona kanthu.

Ndinaseka ndekha usiku wina. Ndinali kuvutika kuzimitsa malaiti m'kholido ya jele, pomwepo malaiti a m'nyumba mwanga anapita. Kuno kwathu mdima sitiucita kufunafuna.

Malo ena ndinafa kasanu ndi kawili ndisanapite. Nthawi zonse colakwa cinali canga: kufulumila. Nditavomela kukhala phee kwa mphindi imodzi yathunthu osagwila batani, ndinadutsa popanda ondiona. Ndalama yanga sinacepe ngakhale ngwee imodzi pa kufa konseko. Gwilani mfundo imeneyi, tibwelelanso.

Manje nkhani ya kunyumba. Miyezi iwili yapitayo mlongo wanga anandiitana ali wokwiya. Mwana wake wa zaka 14 anali atayamba kusowetsa ndalama m'nyumba, K20 lelo, K10 mawa, ndipo akamufunsa ati zapita ku magemu. "Iwe ndiwe malume wake, ndipo ndiwe unamuphunzitsa vinthu ivi. Pita ukamucotseko," anatelo.

Ndinapita pa Ciwelu masana. Kashopu kake ni kacipinda kamodzi kumbuyo kwa malo ometela, ma TV awili, mabenchi, anyamata ali kusewela bola ya pa PlayStation ndi phokoso monga ali ku Heroes Stadium. Mwana wa mlongo wanga sanali pa benchi. Anali pa kona, kumbuyo kwa citseko, pamene panali makina a bonanza, ali ndi makoini m'manja.

Tili panja ndinamufunsa kuti ndalama za amake zinapita kuti. Anayang'ana pansi. "Amalume, gemu ni K5 cabe. Zinangu zonse ni cija ca pa kona. Nenze kufuna nibweze za amami, manje cinanidya futi."

Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa kuti liwu limodzi lakuti "magemu" tikulisenzetsa zinthu ziwili zosiyana kwambili. Mwana akamati ali ku magemu, ife akulu timaganiza za TV ndi zogwilila zija. Koma ndalama yambili imathela pa makina a njuga, kapena pa kubecha kwa pa foni kumene inu nomwe mumaona mu basi, munthu maso ali pa kandeke kokwela, cala cikunjenjemela, mpaka kupitilila siteshoni yake.

Kusiyana kwake n'kosavuta. Gemu monga ya Riddick ili ndi malamulo amene ungaphunzile. Ukaluza, pali cifukwa, ndipo ukacipeza mawa ucita bwino. Ili ndi mapeto: ukathawa m'jele, maina a anthu amene anaipanga amakwela pa sikilini, basi yatha. Ndipo siikulonjeza ndalama. Bonanza ilibe cimene ungaphunzile. Kaya ukhale wocenjela bwanji, makinawo anawapanga kuti pa nthawi yaitali abweze zocepa kuposa zimene amameza, cifukwa mwini wake ndiye mmene amadyela. Ilibenso mapeto, kupatulapo thumba likauma. Gemu ya Riddick imalanga munthu wofulumila. Bonanza imakonda wofulumila, makamaka uja wofuna kubweza zimene waluza.

Ndiye tikatseka mashopu onse monga anakambila abambo a jekete, tidzacotsa ma TV, koma makina a pa kona adzangosamukila ku kantemba kapena ku bala yapafupi. Foni nayo idzakhalabe m'thumba. Mwana tidzamukwapula cifukwa ca bola ya pa TV, njuga n'kupitiliza kumudya mwakacetecete.

Koma ndisaname kuti gemu yangayi ni yoyela. Muli ciwawa maningi. Riddick si munthu wabwino, ni cigawenga copha anthu, ndipo gemu imakupatsa manja ake. Umathyola makosi, umabaya, magazi amaoneka, ndipo akaidi amatukwana kuyambila pa ciyambi mpaka kumapeto. Ku America anaipatsa cizindikilo ca M, kutanthauza zaka 17 kupita m'mwamba. Mwana wa mlongo wanga atandipeza ndikusewela anapempha kuti ayeseko, ndinamukaniza. Anakwiya, koma malume amene amavomela zonse ni wacabe. Ali ndi bola yake, ali ndi ya mamotoka, zimukwanila mpaka akule.

Cina n'cakuti gemu imaba nthawi. Siimadya ndalama, koma imadya tulo. Tsiku lina ndinafika mocedwa pa msonkhano wa atolankhani cifukwa ca mawu akuti "ndiyesenso kamodzi cabe", ndipo ndinacita kubweleka manotsi kwa mnzanga ngati mwana wa sukulu. Ngati izi zicitikila ine wa ndevu ndi dipuloma, nanga mwana amene ali ndi mayeso? Amayi a mu basi aja sanalakwe kuda nkhawa. Mwina cimene anaphonya ni dzina la cinthu cimene cinadya K50 yawo.

Pali cina cimene sitikonda kuvomela. Mwana wa mu komboni akakomboka ku sukulu, apite kuti? Mabwalo ambili amene ife tinali kuchayilapo cimpombwa anasanduka mapuloti ndi mashopu. Makolo amanyamuka 05:00 kukagwila basi, n'kubwela kutada. Kashopu ka magemu, ndi zoipa zake zonse, kali ndi denga ndipo mwana umadziwa kumene ali. Ine ndingakonde kumupeza pa benchi akukangana za penoti kusiyana ndi kumupeza ku ngalande ndi majanki.

Ndiye pempho langa kwa makolo ni laling'ono. Musanatenge lamba, pitani mukaone. Lowani m'kashopuko, khalani mphindi khumi, ngakhale ana akusekeni. Onani ngati muli makina a makoini. Funsani mwana dzina la gemu imene amasewela, muone nambala ya zaka imene ili pa cikuto kapena pa intaneti. Mufunseni kuti akuonetseni mmene imayendela. Mwana amene amasewela gemu yeniyeni adzakamba mpaka mutope, adzakuuzani za mlonda wa pa kona ndi njila ya mu paipi. Mwana amene akudyedwa ndi njuga amayang'ana pansi, cifukwa alibe nkhani, ali ndi nkhongole.

Kwa eni mashopu, inunso ndinu makolo kapena mudzakhala makolo. Otsatsa malonda a kubecha amalemba okha kuti 18+. Kuika makina a njuga m'cipinda cimene mwadzaza ana a yunifomu ni kuchela msampha pa njila ya nkhuku. Ndipo a khansolo, ngati mufuna kuyendela mashopu amenewa, yambani ndi kuyang'ana kumbuyo kwa citseko, osati kunyamula ma TV.

Kwathu tinapangana motele. Mnyamata amapita ku shopu ina kumene kulibe bonanza, pa Ciwelu cabe, ndi K10 imene ndimamupatsa ine m'manja. Ndalama za amake akubweza pang'onopang'ono mwa kutapa madzi ndi kutsuka mbale kwa mwezi wathunthu. Sindinganene kuti nkhani yatha. Njuga siicoka msanga m'mutu mwa munthu, ndipo mlongo wanga akali kuwelenga ndalama za m'kabati usiku uliwonse. Koma masabata atatu apita popanda kusowa kanthu.

Ine ndikali m'jele ya Butcher Bay, ku migodi ya pansi, ndipo pali mlonda wina wa zovala zacitsulo amene wandipha kale kanayi. Mnyamata amandifunsa pa foni kuti, "Amalume, mwathawa?" Ndimamuuza kuti sindinathawe, ndipo ndamulonjeza kuti akafika zaka 17 laputopu ikadzakhala ikali moyo, adzayesa yekha.

Amayi a mu basi ya ku Chawama, ngati mukuwelenga, pa Ciwelu cikubwelaci mupite naye limodzi mwana wanu, akakuonetseni pamene K50 ija inathela.