Anamapopa adapita, zilonda zidatsala ku Mulanje

Mu Seputembala 2017, mphekesera yoti kwabwera anamapopa idagwedeza boma la Mulanje. Isanathe miyezi iwiri, idali itafika ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu, Nsanje ndi mumzinda wa Blantyre. Anthu osachepera 8 adaphedwa poganiziridwa kuti ndi opopa magazi, ndipo apolisi adanjata anthu oposa 100.

Zinthu zitafika pa mwana wakana phala, bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Okutobala chaka chomwecho. Naye Pulezidenti Peter Mutharika adapita kukacheza ndi anthu a m'maderawo pofuna kuziziritsa mitima.

Ambiri mwa omwe ankatchinga misewu ndi kulondera midzi usiku adali achinyamata. Koma funso n'lakuti: atatha kumangidwa, alipo adakhala nawo pansi kuwafunsa chomwe chidawopseza mudzi wonse chotere?

Aka sikadali koyamba. Mphekesera yomweyi idavutanso m'chigawo cha kummwera mu 2002, n'kuzilala popanda kufukula gwero lake. N'chifukwa chake idabwereranso.

Mantha samera pathanthwe. Malinga ndi kalembera wa 2018, Mulanje ili ndi anthu oposa 680,000, pomwe malo ambiri achonde ali m'manja mwa maesiteti a tiyi. Wachinyamata wopanda munda komanso wopanda ganyu sachedwa kukayikira mlendo wobwera pagalimoto. Mkangano wa madzi a Likhubula, pomwe anthu ena a ku Mulanje adatsutsa zopatutsa madzi a m'phiri kupita ku Blantyre, udaonetsanso kuti eni dera akaona ngati sadafunsidwe, chitukuko chimasanduka ndewu.

Apa m'pamene kafukufuku wochitidwa ndi eni mudzi angathandize. M'malo modikira akatswiri ochokera kutauni ndi mapepala a mafunso, achinyamata amaphunzitsidwa kufunsa anzawo, mafumu, amayi ndi azibusa. Amajambula mapu a malo omwe mikangano imabuka, n'kulondola komwe mphekesera idayambira. Akatero amabweza zomwe apezazo pabwalo la mfumu kuti mudzi uvomereze kapena kutsutsa, kenako ugwirizane chochita.

Njirayi si yachilendo kuno. M'zaka za m'ma 1980, ophunzira a zisudzo a ku Chancellor College ankakhala m'midzi ya kufupi ndi Liwonde, kufufuza mavuto a zaumoyo pamodzi ndi anthu, kenaka n'kuwasandutsa sewero lomwe mudzi unkakambirana.

Malamulo nawo alipo. Mu 2015 nthambi ya chitetezo ya United Nations idavomereza mfundo nambala 2250 yoti achinyamata azitenga mbali pa nkhani za mtendere. Malawi idakhazikitsa ndondomeko ya mtendere mu 2017, ndipo lamulo la mtendere ndi umodzi la mu 2022 lidatsegula khomo la makomiti a mtendere m'maboma.

Komabe pali mbuna. Achinyamata akangokhala onyamula mapepala a mabungwe posinthana ndi alawansi, kafukufukuyo amathera m'kabati ya ofesi. Andale nawo akalowererapo, mafunso amasanduka kampeni. Chofunika n'choti khonsolo ya Mulanje ndi mafumu azimva zotsatirazo n'kuchitapo kanthu, ngakhale zitakhudza nkhani yowawa ya malo.

Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Mulanje ili kale ndi achinyamata odziwa njira iliyonse ya m'midzi mwawo. Akapanda kupatsidwa kope ndi cholembera lero, mphekesera ina ikadzabuka adzatolanso miyala ndi zikwanje.