Chiphapha cha Kuseri kwa Nyumba

Anthu ambiri akaona galimoto yakale itakhazikidwa panjerwa kuseri kwa nyumba, matayala atazulidwa, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala, amangoti mwini wakeyo ndi wokanika, sakufuna kuvomereza kuti zake zinatha. Ine sindigwirizana nawo. Kwathu ku Malomo m'boma la Ntchisi, ziphapha zoterezi zimadzuka ndi kuyendanso, ndipo ndikuona kuti amene amazidzutsawo ndi oyenera kupatsidwa ulemu.

Ku America kuli anthu amene amatha zaka akukonza okha pakhomo galimoto zamphamvu za m'ma 1960, monga Pontiac GTO ya 1964 ndi Dodge Charger yomwe inayamba kutuluka mu 1966. Galimotozi zinkakhala ndi injini zikuluzikulu za masilinda 8 zomwa petulo kwambiri, motero mafuta atakwera mtengo mu 1973 anthu anayamba kuzithawa. Lero wokonza galimoto yotere amatamandidwa kuti akusunga mbiri. Nanga bwanji mlimi wa fodya amene wasunga Peugeot 504, Toyota Stout kapena Datsun 1200 kwa zaka makumi atatu timamuseka? Mnzathu wa ku America uja amaitulutsa yake Lamlungu pokha kukaonetsa anzake. Ya kwathu imasenza mabelo a fodya, matumba a soya ndi mtedza, imathamangira kuchipatala usiku ndi mayi woyembekezera, ndipo tsiku la maliro ndi yomwe imanyamula bokosi.

Chimene chimachititsa kuti galimotozi zikonzeke pakhomo n'chakuti zonse zili poyera. Amalume anga, amene anasunga 504 yapikapu, ankandiuza ndikuwagwirira tochi kuti, "Mphwanga, injini ikakana kulira ufunse zinthu zitatu basi: mafuta akufika? Moto ulipo? Mpweya ukulowa?" Mafuta akapanda kufika, umamasula kabuleta, kutsuka ndi petulo ndi kuuzira timabowo take. Moto ukasowa, umayang'ana mapulagi ndi mapoyinti, kupala pang'ono ndi sandipepa. Mpweya ukachepa ndiye kuti fyuluta yadzaza fumbi, ndipo fumbi la msewu wochokera ku Ntchisi boma kudza ku Malomo m'mwezi wa Okutobala aliyense wodutsako akulidziwa. Zida zake ndi masipanala ochepa, jeke, pulayala ndi khutu lomva bwino. Injini yonse imatha kutsitsidwa ndi tcheni chomangidwa panthambi ya mango.

Taonani tsono galimoto zimene zadzaza m'misewu masiku ano, zochokera ku Japan kudzera padoko la Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe. Sindikuzinyoza ayi, n'zofewa ndipo sizimwa mafuta ambiri. Koma injini zake zimalamulidwa ndi kompyuta, ndipo kasensa kamodzi kakafa, makaniko wapamudzi amangogwira m'chiuno mpaka galimotoyo ikokedwe kupita ku Kasungu kapena ku Lilongwe. Zambiri n'zotsika pansi, moti nthawi ya dzinja zimakhula mimba m'mikwasa ya m'misewu ya kumidzi.

Pali nkhani ya ndalamanso. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo popeza galimoto yochokera kunja imagulidwa ndi madola, mlimi amene ankasunga ndalama za fodya kuti agule ina anangoona mtengo ukumuthawa. Chiphapha chija sichifuna ndalama zonse tsiku limodzi. Chaka chino ugula mapisitoni ndi maring'i, chaka chamawa kilatchi, kenako matayala. Masipeyala nawo sanasowe monga ena amaganizira, chifukwa galimotozi zinapitiriza kupangidwa mu Africa muno kwawo zitasiyidwa kale: 504 inkamangidwa ku Kenya mpaka 2004, ndipo Nissan 1400, mng'ono wake wa Datsun 1200, inkapangidwa ku South Africa mpaka 2008. Achibale obwera ku Joni amatha kunyamula kachitsulo kofunikako m'chikwama. Akuluakulu anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo.

Otsutsa ali ndi mfundo imodzi yolemera imene sindingailambalale: ngozi. Alipo eni galimoto amene amathira madzi a sopo m'malo mwa mafuta a mabuleki, amamanga chiwongolero ndi mphira wa chubu, kenako n'kukweza anthu makumi awiri pamwamba pa matumba. Pamitsetse ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, galimoto yotere ndi manda oyenda. Koma amenewa sakukonza galimoto, akungoikama mpaka ife. Wokonza weniweni amayamba ndi mabuleki, chiwongolero, matayala ndi magetsi, utoto umabwera pamapeto penipeni. Ndipo galimoto yodzutsidwa pakhomo iyenera kukayesedwa ndi a Road Traffic n'kupeza COF monga ina iliyonse. Ukalamba wake si chifukwa choipatsira chifundo pamsewu. Za utsi ndi kumwa mafuta ndikuvomera, galimoto yakabuleta singapose yatsopano. Komabe utsi wakuda kapena wobiriwira nthawi zambiri umasonyeza kabuleta yosatcheredwa bwino kapena maring'i akutha, ndipo zonsezi zimakonzeka.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti odziwa ntchitoyi akukalamba, ndipo anyamata ambiri akuthamangira njinga zamoto za kabaza. TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999, ikanachita bwino kufika m'malo ngati Malomo, kuyesa amakaniko ophunzirira pansi pa mtengowa ndi kuwapatsa mapepala, kuti mnyamata wogwira sipanala aone kuti ntchitoyi ili ndi kopita.

Ife ophunzira chiyankhulo tili ndi gawo lathu. Amisiriwa anaumba Chichewa chawochawo. Amati injini yagogoda, batire yafa, galimoto ikutsokomola, giya yakana kulowa, mabuleki akulira. Mawu monga kabuleta ndi mapoyinti adzazimirira limodzi ndi galimotozi, chifukwa zatsopano zilibe zitsulo zimenezi. Wina mwa ife amene akusowa mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza atenge kope ndi cholembera, akakhale sabata ziwiri pagalaja ya pansi pa mtengo pa Malomo.