Masamu Alibe Mwini Wake

Munthu akasula khasu la mtundu watsopano, lolima mofulumira kuposa makasu onse amene analipo kale, n'koyenera kuti boma limuteteze kwa anthu ofuna kungotengera luso lakelo ndi kumadyerera thukuta lake. Chitetezo chimenechi ndicho chimatchedwa patenti, ndipo sichinayambe dzulo ayi, pakuti mzinda wa Venice unali nalo kale lamulo lotere m'chaka cha 1474. Patenti ndi pangano la pakati pa mmisiri ndi anthu onse. Mmisiriyo amaulula poyera m'mene chipangizo chake chimagwirira ntchito, ndipo boma limaletsa wina aliyense kuchipanga kapena kuchigulitsa popanda chilolezo chake kwa zaka zowerengeka, zimene masiku ano ndi 20. Zakazo zikatha, lusolo limasanduka la aliyense.

Koma mmisiri yemweyo atafika pabwalo ndi kunena kuti njira yowerengera mizere ya m'munda nayonso ndi yake, ndipo kuti yense wowerenga mizere azimulipira, palibe mfumu imene ingamumvere. Apa ndiye pagona mkangano umene wavuta makhoti a ku America ndi ku Ulaya kwa zaka zoposa 50, wokhudza mapulogalamu a kompyuta. Pulogalamu si chitsulo. Ndi mndandanda wa malangizo ouza makina choti achite: tenga nambala iyi, uiphatikize ndi iyo, yankho likaposa mwakuti uchite chakuti. Kupereka patenti pa malangizo otere ndiko kupereka umwini pa masamu ndi pa maganizo, zinthu zimene malamulo a patenti sanakonzedwere.

Poyamba oweruza anaziona bwino lomwe zimenezi. M'chaka cha 1972, pa mlandu wa Gottschalk ndi Benson, Khoti Lalikulu la ku America linakana kupereka patenti pa njira yosinthira manambala kuchoka m'kalembedwe kena kupita m'kalembedwe kena, ponena kuti kutero kukanakhala kupatsa munthu umwini wa masamu enieniwo. Chaka chotsatira, maiko a ku Ulaya posaina pangano lawo la mapatenti mu mzinda wa Munich, analemba m'ndime 52 kuti pulogalamu ya kompyuta payokha siyenera kulandira patenti.

Mpata unatseguka mu 1981. Anthu awiri, James Diehr ndi Theodore Lutton, anali ndi makina oumbira mphira, ndipo kompyuta inkayeza kutentha kwa m'chikombole ndi kuwerengera nthawi yoyenera kuchitsegula. Oweruza asanu mwa asanu ndi anayi anavomera kuti imeneyi inali njira youmbira mphira, ngakhale kuti munali masamu m'kati mwake. Chigamulocho pachokha sichinali choipa, chifukwa mphirayo inalipodi ndipo inkatuluka yabwino. Koma maloya anaphunzirapo kanthu: ganizo lililonse likavekedwa mawu akuti "pogwiritsa ntchito kompyuta" likhoza kudutsa. Pofika mu 1998 khoti la apilo, pa mlandu wa banki ya State Street, linalola patenti ngakhale pa njira yoyendetsera ndalama za anthu osunga chuma pamodzi, ndipo mpata uja unasanduka chipata cha ng'ombe.

Zimene zinalowera pa chipatacho n'zoseketsa ndi zomvetsa chisoni pamodzi. Mu Seputembala 1999 kampani ya Amazon inalandira patenti pa njira yakuti wogula katundu pa intaneti adine batani kamodzi kokha m'malo molembanso dzina ndi keyala yake. Wogulitsa m'golosale aliyense amene amadziwa makasitomala ake pamtima anayamba kalekale kuchita zimenezi, koma chisanathe chaka chimenecho khoti linaletsa kampani yogulitsa mabuku ya Barnes & Noble kugwiritsa ntchito njira yofanana nayo, ndipo kampani ya Apple inachita kugula chilolezo. Patentiyo inatha mu 2017. Kumapeto kwa 1994, anthu ambirimbiri amene ankalemba mapulogalamu osonyeza zithunzi za mtundu wa GIF anadzidzimuka pouzidwa kuti njira yochepetsera kukula kwa zithunzizo inali ya kampani ya Unisys ndipo aziilipira. Akatswiri ena odzipereka anachita kukonza mtundu wina wa zithunzi, wotchedwa PNG, kuti alambalale msonkhowo, ntchito imene sikanafunika konse pakanapanda patenti.

Choipitsitsa chinali kubuka kwa makampani amene sapanga kanthu kalikonse, koma amangosunga mapatenti m'kabati ndi kudikira kuti wina apange chinthu chogulika. Mu 2006 kampani ya ku Canada yopanga mafoni a BlackBerry inalipira madola 612.5 miliyoni kwa kampani yaing'ono ya NTP, imene sinkapanga foni ndi imodzi yomwe, poopa kuti khoti likanatseka ntchito yake m'dziko lonse la America. Kampani yaikulu ikhoza kulipira ndalama zotere ndi kupitiriza malonda. Mnyamata amene walemba pulogalamu m'chipinda chake akalandira kalata ya loya, amangotseka kompyuta yake, pakuti mtengo wodzitetezera kukhoti, ngakhale atakhala wosalakwa, umaposa zonse zimene ali nazo.

Oikira kumbuyo mapatentiwa ali ndi mfundo imene siyenera kunyozedwa. Iwo amati kulemba pulogalamu yabwino kumadya zaka ndi chuma, ndipo kampani yongoyamba kumene imafuna chikalata choonetsa kwa obwereketsa ndalama kuti luso lake silidzabedwa. N'zoona kuti wantchito ayenera kulandira mphotho yake. Komatu wolemba pulogalamu sali pambalambanda. Lamulo lomwe limateteza wolemba buku ndi wopeka nyimbo limatetezanso mawu onse a pulogalamu yake, kotero kuti wokopera ntchito ya mnzake ali ndi mlandu. Chimene patenti imawonjezerapo ndicho mphamvu yoletsa munthu wina, amene sanaonepo n'komwe ntchito ya woyambayo, kufika pa yankho lomwelo mwa nzeru zake. M'masamu zimenezi zimachitika tsiku ndi tsiku, chifukwa anthu awiri opatsidwa samu imodzi kawirikawiri amadzera njira imodzi. Ndipo popeza pulogalamu imodzi imakhala ndi njira zazing'onozing'ono zikwi zambiri, palibe munthu angathe kufufuza ngati iliyonse ya izo ilibe mwini. Zaka 20 nazonso, zimene n'zoyenera pa mankhwala ofuna kuyesedwa kwa nthawi yaitali, n'zochuluka kwambiri pa ntchito imene zinthu zimakalamba pa zaka zitatu kapena zisanu.

Ndiponso si zoona kuti popanda patenti luso limafa. Mu Epulo 1993 bungwe la zasayansi la CERN, kumene Tim Berners-Lee anakonzera njira ya masamba a pa intaneti, linalengeza kuti aliyense akhoza kuigwiritsa ntchito osalipira kanthu. Likanafuna msonkho pa tsamba lililonse, nkhani ya intaneti ikanakhala ina. Pulogalamu ya Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, ndiyo maziko a mafoni a Android amene ali m'matumba a anthu mamiliyoni.

Ku Ulaya anthu wamba ndiwo anatsekereza ngoziyi. Pamene bilu yokhudza mapatenti a zinthu zoyendera kompyuta inabwera, olemba mapulogalamu ndi eni makampani ang'onoang'ono anakhamukira kwa aphungu awo kukafotokoza kuopsa kwake, ndipo pa 6 Julaye 2005 Nyumba ya Malamulo ya maiko a ku Ulaya inaikana ndi mavoti 648 kwa 14. Ku America, kumene analira mvula nalira ndi matope omwe, Khoti Lalikulu linabwerera pang'ono m'mbuyo mu Juni 2014: pa mlandu wa kampani ya Alice ndi banki ya CLS oweruza onse anagwirizana kuti ganizo lakale, monga lokhala ndi mkhalapakati pa malonda, silisanduka luso latsopano chifukwa chongolilowetsa m'kompyuta. Mapatenti ambiri anagwa pambuyo pa chigamulo chimenechi. Koma ofuna chipata chija sanagone, ndipo mu 2023 aphungu awiri, Thom Tillis ndi Chris Coons, anabweretsa bilu yofuna kufooketsa chigamulocho.

Wina anganene kuti iyi ndi milandu ya anthu olemera a kutsidya kwa nyanja. Amene akukumbukira nkhani ya mankhwala a Edzi sanganene choncho. Makampani 39 a mankhwala anatengera boma la South Africa kukhoti chifukwa cha lamulo lofuna kutsitsa mitengo, ndipo anausiya mlanduwo mu Epulo 2001 dziko lonse lapansi litawadzudzula. Chaka chomwecho kampani ya Cipla ya ku India inalonjeza mankhwala a chaka chathunthu pa madola 350, pamene mtengo wa eni mapatenti unali madola oposa 10,000. Malamulo a patenti olembedwa kutali amafika mpaka pa chipatala cha kumudzi. Ziwerengero za odwala m'zipatala za m'Malawi zimasonkhanitsidwa ndi pulogalamu yaulere ya DHIS2, yokonzedwa motsogozedwa ndi Yunivesite ya Oslo, ndipo mapulogalamu aulere otere ndiwo alibe chuma chomenyera milandu.

Dziko la Malawi ndi membala wa bungwe la zamalonda la WTO, limene pangano lake la TRIPS la 1995 ndilo linakhazikitsa zaka 20 zija, ndiponso ndi membala wa bungwe la ARIPO la ku Harare, limene limalandira zopempha mapatenti m'malo mwa maiko ambiri a mu Africa. Mu 2021 maiko osaukitsitsa anapatsidwa mpaka pa 1 Julaye 2034 asanakakamizidwe kutsata mbali zambiri za panganolo. Nthawi imeneyi si yaitali monga ikuonekera. Akatswiri a malamulo, aphungu ndi nthumwi zokambirana mapangano a zamalonda ayenera kuonetsetsa kuti lamulo la dziko lino likunena mosapita m'mbali kuti pulogalamu ya kompyuta payokha silandira patenti, ndipo asalole kuti ndime ina yobisika m'pangano la malonda idzafafanize mawu amenewo. Sadzakhala oyamba kutero: dziko la India linalemba choncho m'lamulo lake mu 2002, ndipo la New Zealand mu 2013.