Womaliza kusamba m'manja ndi mwana

Ku India ndi ku Pakistan anthu ambiri amadya ndi manja ngati ife. Mpunga ndi ndiwo amatapa ndi zala za dzanja lamanja, choncho kusamba m'manja chakudya chisanafike ndi mwambo wakalekale kumeneko. Mwezi uno tione chiwiya chimene ankasambitsira alendo, chifukwa chili ndi phunziro pa makomo athu.

Chiwiyacho amachitcha aftaba, dzina lochokera m'chinenero cha ku Persia. Ndi jagi yachitsulo ya mimba yaikulu, khosi lalitali, chogwirira, ndi kamlomo kowonda kopindika ngati ka ketulo. M'nthawi ya mafumu a Mughal, amene ufumu wawo unayamba mu 1526, amisiri ankapanga majagi amenewa ndi mkuwa n'kugobapo maluwa ndi masamba. Amisiri a mumzinda wa Bidar ndiwo anatchuka kwambiri. Iwo amasakaniza zinki ndi mkuwa pang'ono, n'kukhomera timizere ta siliva m'zogobazo. Kenako amapaka dothi la ku linga lakale la mzindawo, losakaniza ndi mankhwala, mpaka chitsulo chonse chida bii, siliva yekha n'kumawala.

Koma nzeru yeniyeni sinali m'maluwawo ayi. Aftaba inkayenda ndi beseni lake lotchedwa chilamchi, lokhala ndi chivundikiro chobowolabowola. Mlendo ankatambasula manja pamwamba pa beseni, wina n'kumamuthira madzi pang'onopang'ono. Madzi akuda ankatsikira m'timabowo n'kubisika pansi. Palibe amene ankaviika manja m'madzi amene mnzake wasambamo kale.

Nanga kwathu kuno? M'makomo ambiri nsima ikapsa, beseni limodzi limazungulira. Amayamba ndi agogo, kenako bambo ndi alendo. Likamafika kwa ana, madzi amakhala atachita mbuu. Ulemu wake ndi wabwino ndithu, koma taganizani: mwana, amene thupi lake silinakhwime polimbana ndi matenda otsegula m'mimba, ndiye amasamba litsiro la anthu onse, n'kutema nalo nsima. Tizilombo toyambitsa kolera ndi kamwazi sitioneka ndi maso, ndipo timayenda ulendo womwewu, kuchoka m'manja kupita pakamwa. Sitinaiwale mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 n'kutitengera anthu oposa 1,700 m'Malawi muno.

Sitikufunika jagi ya siliva. Kapu, jagi yapulasitiki kapena ketulo yakale zikukwanira. Wina athire madzi, winayo anyowetse manja, apake sopo, atikite m'zikhatho, kuseri kwa manja, pakati pa zala ndi m'zikhadabo kwa masekondi 20, kenako amutsukuluze. Beseni likhale pansi longolandirira madzi akudawo, ndipo akatayidwe kutali ndi pophikira. Sopo akasowa, phulusa loyera limathandizako. Manja aume okha, kusiyana n'kupukutira tonse kansalu kamodzi.

Ulemu sutha ndi njira imeneyi. Akuluakulu ayambebe ndiwo, mwana agwade n'kuwathira madzi monga mwa mwambo. Akamaliza, wamkulu atenge jagiyo amuthirenso mwanayo madzi abwino. Tichite chimodzimodzi tikamadyera pamodzi Sabata masana, pa ukwati ndi pamaliro, pomwe beseni limodzi limatha kudutsa m'manja mwa anthu ambirimbiri. Tisankhiretu achinyamata awiri, wina wa jagi ndi sopo, wina wa beseni, aime poyambira mzere wa chakudya.